Bokosi Lolemera

Zida zimene kalipentala amagwira tsiku ndi tsiku sizivuta pogona. Sowo, hamala, puleni, matchizulo, sikweya ndi tepi, madzulo zimalowa m'thumba n'kukagona kunsi kwa bedi, m'mawa n'kubwerera pabenchi. Dzimbiri silizipeza chifukwa dzanja limazipukuta lokha, ndipo china chikasowa umadziwa dzuwa lisanafike pamutu. Zimene zinandipalamulitsa ine ndi zinazi, zomwe umazifuna mwa apo ndi apo, koma tsiku lozifunalo sipapezeka cholowa m'malo mwake.

Zidazi anandisiyira ndi atsibweni anga, amene anaphunzira ukalipentala ku Namitete, pa sukulu ya ntchito zamanja ija ya Akatolika, Kamuzu adakali pampando. Ntchito yawo inali yaudongo. Akalumikiza matabwa awiri unkachita kufufuza ndi chikhadabo kuti upeze polumikizira. Atamwalira, abale anagawana njinga, wailesi ndi jekete, zitsulo n'kunena kuti zipite kwa mphwawo amene ankawagwirira thabwa ali mwana. Mphwawoyo ndine.

Panali makilampu anayi aatali, a mtanda wachitsulo wa mabowomabowo, opanira matabwa ukamalumikiza pamwamba pa tebulo kapena chitseko. Panali vayisi ya Record, yopangidwa ku Sheffield, yolemera moti munthu mmodzi amainyamula akubuula. Panali chitsulo chokhota kumutu chimene umachilowetsa pabowo la benchi, n'kuchimenya kamodzi ndi hamala, thabwa n'kungoti nji, osasunthanso. Kenako tinthu tamitengo: zikhomo za mlombwa zotsekera thabwa kuti lisathawe puleni, kabokosi kodulira makona a mafelemu a zithunzi, ndi thabwa lokhala ndi chipewa lowongolera m'mphepete. Panalinso kachitsulo kopindira mano a sowo, bulesi yoboolera, ndi nyanga ya ng'ombe yodzaza mafuta ouma, amene atsibweni ankapaka pa sowo ikayamba kukakamira m'thabwa laliwisi. Nyangayi muikumbukire.

Ine ndine mkamwini. Malo a shedi yanga anandiloza ndi akuchikazi, m'mphepete mwa njira yopita kumsika wa Nambuma. Shediyo ndi mizati ya bulugama ndi malata akale, yopanda khoma, ndipo kumbuyo kwake kuli kachipinda ka zidina kosungiramo matabwa. Kunyumba malo kulibe. Masiku ano chimanga sitisunga m'nkhokwe poopa akuba, chimagona nafe kuchipinda m'matumba, ndipo amayi a ana anga ananeneratu kuti zitsulo zonunkha oyilo sizigona pafupi ndi chakudya cha ana awo.

Choncho ndinayamba ndi pansi pa benchi, pomwe kalipentala aliyense amakankhira chimene sakufuna kuchiganizira. M'chilimwe zinakhala bwinobwino. Mvula itayamba, utuchi umene unaziphimba unayamba kumwa chinyezi cha pansi n'kumachisunga. Utuchi wonyowa suuma msanga, umangokhala wofunda, ndipo chitsulo chokwiririka mmenemo chimadyeka mwakachetechete. Mu February aphunzitsi ena anandipatsa oda ya tebulo lodyera. Ndinakonza matabwa, ndinapaka guluu m'mphepete monse, ndiyeno n'kuwerama kuti ndikoke makilampu. Anatuluka ofiira, wononga wake atauma gwa. Guluu sadikira munthu. Ndinathamangira malegeni a njinga n'kukulunga matabwawo, ndikukhomerera timitengo tosongola kuti agwirane, koma tebulolo linauma lili ndi mpata woti mpunga n'kugweramo. Aphunzitsiwo amandipatsabe moni, koma mipando anakapangitsa ku Mponela.

Kabokosi kodulira makona ndinakapeza katatsala khungu lokha, m'kati muli dothi, chiswe chitamaliza. Thabwa lowongolera silinapezeke n'komwe. Nditafunsa kunyumba, yankho linabwera losavuta.

"Kathabwa kokhomedwa kachidutswa pamwamba kaja? Ndinaphikira nyemba. Inu abambo ake, simunanene nokha kuti zapansi pa benchi ndi nkhuni?"

Ndinanenadi. Zikhomo za mlombwa ziwiri ndinazipeza kudambo, ana atamangirirapo mbuzi.

Nditachotsa dzimbiri ndi palafini ndi sandipepa, ndinakumbuka mmene atsibweni ankachitira: chida chilichonse pamsomali wake, ndipo pakhoma ajambulapo mthunzi wake ndi khala, kuti chikachoka malo ake azichiitana. Ndinakhoma thabwa lalikulu pakati pa mizati iwiri ndi kupachika zonse mwadongosolo. Zinkaoneka bwino kwambiri. Vuto lake n'lakuti zinkaoneka bwino kwa aliyense wodutsa mumsewu.

Kuno kwathu ndi kwa fodya. Ikafika nyengo yomanga mabelo opita ku Kanengo, aliyense amasanduka mmisiri. Wina chibokosi chake chodindira fodya chaphwasuka, akufuna kilampu yoti achigwire. Wina ngolo yake yatsegula m'mbali. Wina akufuna bulesi aboole goli. Ndipo obwerawo sakhala alendo. Ndi amalume ake a mkazi wako, alamu ako, akulu a mphakati, anthu amene anakulandirira mbale ya nsima tsiku la ukwati. Mkamwini amene akudya za pamunda wa eni ake sanganene kuti ayi pa chitsulo chimene chikungolendewera pamsomali, aliyense akuona kuti sichikugwira ntchito. Ndinagula kope, n'kumalemba dzina la wobwereka ndi chimene watenga. Akabweza ndinkaika kamtanda pambali pa dzinalo. Kopeli nalonso mulikumbukire.

Zobwerera zinkabwerera zolemala. Kilampu ina inabwera yopindika chifukwa anaigwiritsa ntchito ngati jeke, ina yopanda kachitsulo kake kotsekera pabowo, m'malo mwake atalowetsamo msomali wa mainchesi 6. Pamwamba pa izi panali anyamata aja oyenda ndi sikelo panjinga, ogula zitsulo zakale pa kilo, amene ankaima pamsewu n'kumayang'ana vayisi ya Record ndi maso owerengera. Ndipo kugula zina sikunali kotheka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndinalowa mu hadiweya ina ku Malangalanga ku Lilongwe n'kufunsa mtengo wa kilampu imodzi yaitali, yopyapyala, yosafika n'komwe pa za atsibweni. Atanditchulira ndinathokoza, n'kutuluka ndi paketi ya misomali.

Apa m'pamene bokosi likulowera.

Kumudzi bokosi la maliro sitipangiratu. Za ku Mchesi zija, zoyala mabokosi m'mbali mwa msewu kuti odutsa azisankha, kuno angakufunse kuti ukudikira yani. Munthu akatisiya, achibale amayeza thupi ndi bango, bangolo n'kulitumiza kwa kalipentala, kaya ndi pakati pa usiku, iwe n'kuyatsa nyali n'kuyamba kupala. Tsiku lina kunabwera mnyamata panjinga ndi bango lotere. Ndinapanga bokosi la paini mogwirizana ndi muyesowo, koma litafika kusiwa linapezeka lalifupi. Pambuyo pake mnyamatayo anaulula kuti bango linalowa m'masipoko n'kuthyoka kunsonga, iye n'kungotaya kachidutswako osanena kanthu. Ndinapanga lina mothamanga, lalifupilo n'kubwerera kwa ine usiku pangolo.

Kuliphwasula ndinalephera. Linali la guluu ndi misomali, ndipo ngakhale ndikanachotsa matabwawo, ndani angadyere patebulo lopangidwa ndi bokosi la maliro? Nkhani zotere sizibisika. Kuliwotcha nakonso mtima unakana. Paini wa ku Chikangawa, nkhalango ija ya mahekitala pafupifupi 53,000, anali thabwa la munthu wosauka masiku a atsibweni, koma moto ndi kudula kosabwezeretsa zaipungula, ndipo lero thabwa la paini labwino umaligula ukudandaula. Ndinalipaka vanishi wakuda kuti lisadyeke, n'kulikhazika panjerwa m'kachipinda kaja, n'kuliphimba ndi pepala lapulasitiki ndi masaka.

Madzulo ena ndikusuntha matabwa, ndinaliyang'ana bokosilo, n'kuyang'ana kilampu imene inali m'manja mwanga. Ndinaiyeza. Inalowa ndendende.

Ndisakunamizeni, usiku umenewo ndinadziona wanzeru kuposa akalipentala onse kuyambira ku Nsaru mpaka ku Kabudula. Taganizani nokha. Bokosi lili pamwamba pa njerwa, chiswe sichifika. Chivundikiro chimatseka bwino, chinyezi sichilowa. Wakuba akaliona athawa yekha. Ndipo palibe mlamu, ngakhale wopanda manyazi chotani, amene angabwere kudzati tabwerekeniko bokosi lanu ndione zili m'katimo. Ndinapaka zitsulo zonse oyilo wakutha wa m'galimoto, ndi kuzikulunga chimodzichimodzi m'zidutswa za chitenje chakale cha amayi a kunyumba, chofiira. M'mipata ndinatsenderamo masaka kuti pasamveke kulira kwa chitsulo. Oyilo wotsala ndinamuthira m'kabotolo kakang'ono, n'kutseka ndi chitsononkho. Ndinaikamo zikhomo, nyanga, kachidutswa ka kandulo kopakira kunsi kwa puleni, ndi kope lija, poti ntchito yake inali itatha. Chivundikiro ndinachimanga ndi masikuluwu.

Obwereka atayamba kufunsa, ndinkayankha ndi nkhope yachisoni kuti zinthu zavuta, zitsulo zija ndinagulitsa ku Mponela. Amayi a kunyumba sindinawauze, poopa kuti akana. Mlamu wanga, mlongo wawo wamng'ono wa amayiwo, amene ndimamuphunzitsa ntchito pashedi, sindinamuuzenso, chifukwa pakamwa pake sipakhala chinthu. Bokosilo ankalidziwa, za m'kati ayi. Ndikafuna kilampu ndinkadikira kuti kude, n'kulowa m'kachipindako ndi tochi ya foni, n'kumasula masikuluwu. Matabwa ndinkapanira momwemo, chitseko chili chotseka, m'mawa kusanache n'kubwezeretsa zonse. Kwa miyezi ingapo ndinagona tulo tabwino.

Fodya atayamba kugulitsidwa maoda anachuluka, poti ndi nyengo imene anthu amakumbuka kuti pakhomo palibe chitseko. Ndinapita ku Lilongwe kukagula mahinjesi, maloko ndi guluu, n'kuchedwa, n'kugona kwa m'bale wanga ku Area 25. Foni inathima, magetsi kunalibe. Usiku womwewo, m'mudzi woyandikana ndi wathu, munamwalira gogo wina wachikazi, azakhali awo a mfumu, munthu wamfupi.

Zotsatirazi ndinachita kumva, koma ndazimva kwa anthu ambiri moti ndimaziona ndi maso. Anthu anafika pashedi ndi bango lawo m'bandakucha, napeza mlamu wanga. Mnyamatayu bokosi sanapangepo yekha. Anakumbuka lija la m'kachipinda, anayeza bango pamwamba pake, n'kupeza kuti likukwana, malo n'kutsalako. Poti alinyamule, amuna anayi anachita kuitana wachisanu.

"Koma bokosi limeneli, mwana iwe, lalemera bwanji chonchi?"

Apa mlamu wanga anaonetsa mphatso imene sindinkadziwa kuti ali nayo. Anagogoda chivundikiro ndi chala n'kunena kuti, "Madala, umenewu ndi mlombwa weniweni, si paini wa masiku anoyu. Alamu anausunga kuchokera kwa atsibweni awo." Vanishi wakuda uja anamuchitira umboni. Anthu anasangalala kuti gogo agona m'thabwa loyenera azakhali a mfumu, ndipo analipira mtengo wa mlombwa osanenerera. Analikweza pangolo, ng'ombe n'kumakoka.

Kusiwa anthu anali atadzaza, amayi akuimba m'nyumba, adzukulu ali kumanda. Bokosi analilowetsa, wina n'kubwera ndi mpeni womasulira masikuluwu. Chivundikiro chitachoka, nyimbo inaduka pakati.

Choyamba kuoneka chinali mitolo yaitali yokulungidwa m'nsalu yofiira, yothimbirira ndi mafuta akuda. Mkulu wina analimba mtima, natenga kamtengo n'kuyamba kuvundukula. Kunatuluka kabotolo ka madzi akuda kotseka ndi chitsononkho. Kunatuluka kandulo yopsa theka. Kunatuluka zikhomo zosongoka, ndipo aliyense wokulira kuno amadziwa kuti zikhomo ndi zimene anthu amati amatsirikira nyumba ndi munda. Kenako nyanga. Akuti nyangayo itagubuduzika pamphasa, amayi amene anali pafupi ndi khomo anatuluka onse nthawi imodzi, chitseko n'kuguluka pa hinjesi ya m'munsi. Chitsekocho ndinakonza ndine pambuyo pake, mwaulere.

Zitsulo zokha mwina akanazizindikira, chifukwa theka la amuna amene anali pamenepo anazibwerekapo. Koma asanamasule mitolo, mnyamata wina wa sekondale anatola kope n'kuyamba kuwerenga mokweza. Munali maina a anthu a midzi iwiriyi, ena ali ndi mtanda pambali, ena alibe. Mwa a mtandawo, angapo anali atamwalira kale. Dzina la gogo amene anagona pamphasayo linalimo, ndi mtanda wake. Anabwerekapo tchizulo kuti mdzukulu wake akonzere mtondo, ndipo anaibweza tsiku lomwelo. Ndimo mmene zilili: anthu obweza zinthu ndi okalamba, ndipo okalamba ndi amene amatsogola. Koma panalibe wofotokoza zimenezi. Aliyense amene dzina lake linatchulidwa lopanda mtanda anayamba kudzifunsa kuti watsala ndi masiku angati.

Ine ndinatsika kabaza masana, katoni ya maloko ili paphewa, ndikuimba kamluzu. Ndinadabwa kuona anthu amene ndimawapatsa moni akupatukira m'tchire. Pakhomo ndinapeza amayi a ana anga atakhala pakhonde, maso ali psu, apongozi anga aakazi ali chapatali atafunda chitenje kumutu.

"Inu abambo ake, chitenje changa chofiira chija chikutani m'bokosi la maliro?"

Katoni inagwa yokha.

Pano ndisaseke. Nkhani za ufiti kuno zimapha anthu. Timamva pawailesi za agogo ogendedwa ndi zidzukulu zawo zomwe, nyumba zikutenthedwa, chifukwa cha mawu a munthu mmodzi pamaliro. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma lamulolo limakhala m'mabuku ku Lilongwe, pamene anyamata okwiya amakhala pamtunda woti mwala n'kufika padenga lako. Chimene chinandipulumutsa ndi mfumu yomweyo, imene inaletsa aliyense kupita kushedi, n'kulamula kuti maliro ayambe aikidwa, nkhani ikambidwe pabwalo mawa lake. Gogo anaikidwa m'bokosi lomwelo, atalipukuta ndi phulusa n'kuyalamo nsalu yoyera, chifukwa nthawi yopangira lina panalibe. Anapita kumanda dzuwa litapendeka, ndipo adzukulu akuti anadabwa kupepuka kwake. Usiku umenewo ndinagona nditavala nsapato.

M'mawa katundu yense anali atayalidwa pa saka pansi pa mtengo, anthu atazungulira patali ndithu. Ndinakhala pansi, ankhoswe anga mbali iyi, akuchikazi mbali iyo. Woyamba kuyankhula anali neba wa pafupi ndi shedi, amene anati wakhala akuona kuwala m'kachipinda kaja pakati pa usiku, ndipo tsiku lina anasuzumira pamng'alu n'kundiona nditawerama m'bokosi la maliro ndikuyankhula ndekha. Zinali zoona. Ndinkatukwana sikuluwu imene inali itadyeka mutu.

"Akamwini," inatero mfumu, "tiuzeni. Zinthu izi n'zachiyani?"

Ndinayesa kufotokoza ndi pakamwa koma mawu ankangozungulira. Ndiye ndinapempha kuti anyamata akanyamule benchi yanga. Anaibweretsa pangolo yomwe ija. Ndinatenga zikhomo n'kuzilowetsa m'mabowo ake, n'kugoneka thabwa, n'kulipala, anthu n'kuona kuti chikhomo ndicho chikuletsa thabwa kutsetsereka. Ndinalowetsa chitsulo chokhota chija, n'kuchimenya kamodzi, n'kuitana mnyamata wamphamvu kuti asolole thabwalo. Anakoka mpaka benchi inanyamuka miyendo iwiri. Ndinachimenya kumbuyo, n'kumasuka, ndipo ndinamva mkulu wina akuti, "Aaa, koma azungu." Ndinapana matabwa atatu m'makilampu mpaka mipata inatsekeka. Kabotolo ndinakapereka kwa wachigayo kuti anunkhize, iye n'kuvomera kuti ndi oyilo, mwinanso wochokera kuchigayo kwake komwe. Nyanga inatenga nthawi. Palibe amene anafuna kuigwira. Ndinatapamo mafuta ndi chala, n'kupaka sowo, n'kudula bulugama wamuwisi, kenako, posowa chochita china, n'kudzola otsalawo kumaso. Ana anaseka, ndipo ana akaseka pabwalo akulu amapeza mpata wopuma.

Ndimaganiza kuti zatha. Mfumu inatola kope.

"Nanga maina awa? Mtandawu ukutanthauza chiyani?"

"Gogo chalo, mtanda ndi wa amene anabwereka chida n'kubweza."

"Opanda mtanda?"

Ankhoswe anga ananditsina pantchafu, koma funso linali litafunsidwa pagulu.

"Amenewo sanabwezebe, gogo."

Mnyamata wa sekondale uja, amene palibe anamutuma, anasuzumira paphewa pa mfumu n'kulengeza kuti dzina la a mfumu lilimo kawiri, konse kopanda mtanda: bulesi ndi sowo yaing'ono. Bwalo linati zii. Ena anayamba kuyang'ana nyerere pansi, chifukwa maina awo anali patsamba lomwelo. Mfumu inatseka kopelo pang'onopang'ono, n'kuliika pansi pa mpando wake, n'kunena kuti nkhani ya maina yamveka, tipite pa zikuluzikulu.

Zikuluzikuluzo zinalipo zitatu. Ndinachititsa manyazi maliro ndi kuchedwetsa mwambo. Ndinasunga bokosi m'mudzi wa eni popanda kudziwitsa eni mudzi. Ndinanamiza anthu kuti zida ndinagulitsa ku Mponela pamene zinali pomwepo. Pa chachitatuchi ndinaona mitu yambiri ikugwedezeka mokhumudwa, makamaka ya opanda mtanda aja. Mkulu wina wa kuchikazi anaimirira n'kundikumbutsa za nzeru zayekha amene anaviika nsima m'madzi, ndipo amayi a ana anga, amene ndimayembekeza kuti andiikira kumbuyo, anawomba m'manja. Ankhoswe anga anali atandinong'oneza m'mawa kuti mlandu wotere umathera pa nkhuku. Kope litawerengedwa, unathera pa mbuzi.

Panatsala nkhani ya mtengo. Abale a malemu anafunsa kuti ngati kulemera kuja kunali kwa zitsulo, mlombwa analipira uja uli kuti? Mlamu wanga anali atasowa pabwalo kalekale, ndipo ndalama yapamwambayo anali atagulira kale nsapato ndi mayunitsi. Ndinabweza ndine. Mbuzi imene ndinapereka ndi imodzi mwa zija zinkamangidwa pa zikhomo za atsibweni, ndipo inali ya amayi a kunyumba, choncho ngongole imeneyo ndikubwezabe ndi mashelefu ndi timipando ta kukhitchini.

Tinthu ting'onoting'ono tsopano tili ndi pokhala. Ndinapanga kabati kunsi kwa benchi, yokwera pamwamba pa njerwa, ya loko, ndipo miyendo yake ndimaipaka oyilo wakutha kuti chiswe chisakwere. Utuchi ndimasesa madzulo alionse. Vayisi ndinaimanga pabenchi ndi mabawuti aakulu n'kuphwanya mitu yake, woifuna anyamule ndi benchi yomwe. Nyanga amayi analamula kuti isaonekenso pakhomo, mafuta ndinawasamutsira m'chitini cha polishi, nyangayo ili kwa mchemwali wanga. Tinthu tamitengo ndinatipaka penti wobiriwira kuti wofuna nkhuni adziwe.

Makilampu ndiwo akundisowetsabe mtendere. Bokosi lililonse loti alowemo liyenera kukhala lalitali, lopapatiza, la chivundikiro. Ndinayesa kupanga lina, la makona anayi owongoka, ndi zogwirira za chingwe, n'kulipaka penti wachikasu. Lisanathe n'komwe, amayi ena odutsa ndi mtolo wa nkhuni anaima n'kufunsa mwaulemu kuti kwagwanji. Ndinaliphwasula tsiku lomwelo. Pakali pano amagona pamitanda ya denga kuchipinda kwathu, pamwamba pa matumba a chimanga, atakulungidwa m'mapepala a simenti, ndipo amayi amati tsiku limene dontho la oyilo lidzagwere pathumba ndidzasankhe pakati pa iwo ndi atsibweni.

Ndipo poti ndinaonetsa mudzi wonse mmene chida chilichonse chimagwirira ntchito, obwereka achuluka kuposa kale. Ena amene sankadziwa kuti padziko pali chitsulo chogwira thabwa ndi kumenya kumodzi, lero sangakonze mpini popanda icho. Bodza la ku Mponela silingagwirenso. Ndinagula kope lina, ndipo wobweza ndimangomukhwatcha ndi mzere. Sabata yatha kunabwera mwana wa kwa mfumu, anagwada bwinobwino, n'kunena kuti agogo akuti ngolo yawo yatsegula m'mbali, muwabwereke zitsulo zazitali zija ziwiri, adzabweza limodzi ndi bulesi. Ndinakwera pampando n'kuzitsitsa. Sowo yaing'ono sanaitchule.